Geely Emgrand EC7 ku Kasungu kuno: galimoto yabho, koma kwawo nkutali

Mafunso amene anthu amandifunsa za galimoto imeneyi ndi awiri basi, ndipo amabwera motsatana nthawi zonse. Loyamba, "akulu, ya tchainayi ikukupirirani?" Lachiwiri, "nanga masipeya mumawapeza kuti?" Loyambalo yankho lake ndi lalifupi, eya ikupirira. Lachiwirilo ndi limene landikhazika pansi kuti ndilembe, chifukwa siliyankhika pa mzere wa petulo munthu uli tcheru kuti wina asakulowerere kutsogolo.

Yanga ndi Geely Emgrand EC7, saluni, injini ya 1.8, manyuwo ya magiya asanu, ya 2013. Inachokera ku Joni itayendako kale, chiwongolero chili kumanja ngati zathu zonsezi. Mtengo wake, kuphatikiza dyute ndi zonse za pa boda, unali pansi ndithu poyerekeza ndi Corolla ya chaka chomwecho, ndipo ndisaname, chinandikoka ndi chimenecho, osati kuti ndimaikonda China ayi.

Ndiyambe ndi galimotoyo. Ndi yayikulu kuposa mmene imaonekera pa chithunzi, mamita 4.6 mlitali, kumbuyo akuluakulu atatu amakhala osadandaula za mawondo, ndipo buti yake ndiye musakambe. Matumba atatu a feteleza a 50 kg amalowa nkutsala malo a jeke, katoni ya sopo ndi chikwama cha madam, kungoti mukatero kumbuyo kumatsika ndiye pa mahampu muziyenda mwaulemu. Injini pa pepala amati imatulutsa mphamvu ya 102 kW. Pa msewu ndinganene kuti imadzuka mwaulesi pang'ono mukamanyamuka, makamaka eyakoni ikakhala yoyatsa, koma ikangotenga mpweya pa M1 imapita bwinobwino, kupitirira thiraki ya fodya pa chitunda sikuti mpaka kupemphera. Petulo, ulendo wa ku Lilongwe ndimapeza makilomita 12 kapena 13 pa lita ndikamayenda mwa umunthu, mtauni muno imamwa kuposa pamenepo. Petulo wathu wosakaniza ndi ethanol wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa uja imamwa osatsokomola. Taimingi yake ndi ya tcheni osati lamba, nde nkhawa yoti lamba aduka muli pakati pa Bua ndi Madisi palibe.

Pa fumbi, ya ku Chamama kapena yolowera ku Lifupa nthawi ya chilimwe, imayenda ngati saluni ina iliyonse, ndiye kuti muzisankha poponda. Dzinja likafika ku Chulu ndimapita pa njinga yamoto, saluni si ya matope olo itakhala ya ku Germany. Mkati pulasitiki wake ndi wolimba wosasangalatsa kugwira, mipando yachikopa ija mu Okutobala imaotcha, ndipo mukadutsa 110 phokoso la mphepo ndi matayala limamveka, wailesi muyenera kukweza. Izi ndi zoti munthu umazolowera. Chimene sindinayembekezere ndi kulimba kwa bodi. Mu 2011 galimoto imeneyi inayesedwa ndi a Euro NCAP, aja amawombetsa magalimoto dala ku Ulaya kuti aone ngati munthu angapulumuke, ndipo inapeza nyenyezi zinayi mwa zisanu, nthawi imeneyo galimoto ya ku China kufika pamenepo inali nkhani. Ma airbag alimo, ABS yoletsa matayala kuloka poponda mabuleki ilimo.

Tsopano nkhani ya kwawo. Anthufe tikati "ya tchaina" timangoona ngati China ndi fakitale imodzi yaikulu kumene kumatuluka matochi, mafoni, mapulasitiki ndi magalimoto pakhomo limodzi. Tsegulani boneti kapena suzumirani pansi pa windisikirini muwerenge nambala ya chasisi, pa galimoto ngati yangayi ili ndi zilembo ndi manambala 17. Ikayamba ndi J ndiye kuti inapangidwa ku Japan, ikayamba ndi L ndi ya ku China, zambiri za ku South Africa zimayamba ndi A. Pa za ku China chilembo cha nambala 10 chimanena chaka, pa yanga pali D kutanthauza 2013. Nde yanga imayamba ndi L, inangodutsira ku Joni koma kwawo ndi ku Ningbo, mzinda wa pa doko m'chigawo cha Zhejiang, kum'mawa kwa China, kumwera kwa Shanghai. EC7 inayamba kutuluka mu 2009 ku mafakitale a Geely a ku Ningbo komweko, ku Beilun ndipo kenako ku Cixi m'mbali mwa Hangzhou Bay. Likulu la kampani lili ku Hangzhou, chigawo chomwecho.

Mwini wake ndi Li Shufu, mwana wa ku Taizhou, Zhejiang yomweyo. Mkuluyu anayamba mu 1986 ndi kupanga zipangizo za mafiriji, kenako njinga zamoto, galimoto yake yoyamba inatuluka mu 1998 ku Linhai, ndipo nthawi imeneyo ngakhale anthu akwawo ankamuseka. Mu 2010 ndi yemweyo anagula Volvo kwa Ford pa madola 1.8 biliyoni, mu 2017 nkugulanso gawo la Proton ya ku Malaysia ndi Lotus ya ku England. Izi ndimazinena dala kwa anzanga oyenda pa Volvo yakale amene amandinyoza, kuti bwana wathu ndi mmodzi aise.

Koma chimene chinandigwira mtima nditayamba kufufuza, poti masipeya anandikakamiza kufufuza, si mbiri ya bwanayo ayi, ndi zimene zazungulira fakitaleyo. Fakitale ya magalimoto sipanga galimoto yonse. Iwo amadinda malata a bodi, kuwotcherera, kupenta, injini amapanga okha, nkumanga zonse pamodzi. Zina zonsezo, magalasi, mipando, mawaya, magetsi, mabuleki, mabushi, matayala, zimachokera ku makampani ena, ndipo ku Zhejiang makampani amenewo ali pafupifupi, ena msewu umodzi, ena maola awiri atatu pa thiraki. Inu a ku Kasungu mukudziwa mmene pamakhalira pa Chinkhoma msika wa fodya ukatsegulidwa, palibe amene amaitana ogulitsa ziguduli, a matiraki, ophika nsima, owotcherera, ogulitsa mayunitsi, onse amangobwera okha chifukwa okushoni yawakoka. Kumeneko nchimodzimodzi, kusiyana kwake nkoti nyengo yawo sitseka ndipo obwerawo amabwera ndi mafakitale.

Ku Beilun komweko kuli kampani ya Tuopu, ntchito yake yodziwika ndi mamauntingi a injini ndi mabushi a labala, zomwe zija zimatha msanga pa misewu yathu. Kulinso Haitian, iyi sipanga sipeya koma imapanga makina oumbira pulasitiki, ndiye kuti wopanga bampa kapena dashibodi makina ake amagula kwa neba. Beilun yomweyo ndi yotchuka ndi zikombole zoumbira aluminiyamu. Ku Ningbo kuli Minth yopanga timizere ndi tizitsulo ta m'mbali mwa zitseko ndi mawindo, kuli Huaxiang ya zamkati mwa galimoto, kuli Joyson imene mu 2018 inagula zotsala za Takata, kampani ya ku Japan ya ma airbag ija inagwa chifukwa cha ma airbag ophulika molakwika. Tangoganizani, kampani ya ku Ningbo kukatola ya ku Japan itagwa. Mukapita ku Hangzhou mupeza Wanxiang, imene Lu Guanqiu anaiyamba mu 1969 ngati kashedi kokonzera zipangizo za kumunda, pano imapanga mayunivesojointi ndi mabeyaringi otumiza dziko lonse, ndipo mzinda womwewo muli Zhongce, eni ake a matayala a Westlake, Goodride ndi Chaoyang, amene theka la maminibasi ndi ma Sienta a pa depoti yathu akuyendera pano. Kumwera ku Taizhou kuli Huangyan kwa akatswiri a zikombole za pulasitiki, kuli Yuhuan kumene tauni yonse imanunkha mabolojointi, matairodi ndi zina za kumiyendo, kupitirira apo ku Wenzhou kuli Ruian, nako ndi masipeya okhaokha. Malata a magalimoto ambiri amapangidwa ndi Baosteel ku Shanghai, tsidya lina la nyanja, ndipo chiyambire 2008 pali mlatho wa makilomita 36 wodutsa pa Hangzhou Bay kukatera ku Cixi komweko, nde thiraki sizungulira. Zopangira pulasitiki zimatuluka ku fakitale yoyenga mafuta ya Zhenhai, Ningbo yomweyo.

Sindikunena kuti kampani iliyonse ndatchulayi ili ndi chitsulo chake mu galimoto yanga, amenewa amagulitsa kwa opanga magalimoto ambirimbiri, ena mpaka a ku Ulaya ndi America. Pa yanga zimene ndinawerenga ndi maso anga ndi izi, pakona ya windisikirini pali chidindo cha Fuyao, kampani ya magalasi ya ku Fujian imene ilinso ndi fakitale ku Shanghai, ndipo pa kabokosi ka kompyuta ya injini palembedwa Delphi. Nawonso mayina achizungu ngati Delphi ndi Bosch musamaone ngati katundu wake amachoka ku America kapena ku Germany, ali ndi mafakitale awo ku China komweko pafupi ndi makasitomala awo.

Galimoto ikatha kumangidwa doko lili pakhomo. Ningbo-Zhoushan ndi doko limene limanyamula katundu wolemera kwambiri pa dziko lonse, matani opitirira 1 biliyoni pa chaka. Amalonda athu opita ku Yiwu kukaoda katundu wa m'mashopu, makontena awo ambiri amakwerera sitima pa doko lomwelo, poti Yiwu nayo ili mu Zhejiang.

Nde mukamadabwa kuti galimoto yayikulu chonchi ikutchipa bwanji, osathamangira kunena kuti anaba zitsulo. Mbali yaikulu ya yankho ndi imeneyi, sipeya siyenda mtunda wautali isanafike pa fakitale, sipafunika kuunjika katundu wa miyezi mu sitolo chifukwa thiraki ibweranso mawa, akafuna kusintha kapangidwe ka bampa wosema chikombole ali pafupi, ndipo opanga mabushi akakhala ambiri tauni imodzi amapikisana okha mtengo nkutsika. Kuwonjezera apo kuchuluka. Mu 2023 China inapanga magalimoto opitirira 30 miliyoni ndipo chaka chomwecho inapitirira Japan pa kutumiza magalimoto kunja, pafupifupi 4.9 miliyoni. Ukamapanga zinthu zochuluka chonchi chilichonse chimatsika mtengo.

Pano pali chinthu chimene chimandiseketsa. Anzanga a ma Toyota amene amati "ine za tchaina ayi", tapitani ku Biwi ku Lilongwe mukagule bolojointi ya Corolla kapena shoko ya Sienta, mutembenuze katoni muwerenge tizilembo tating'ono ta pansi. Kutsogolo alemba Japan ndi zilembo zikuluzikulu, mwina "Japan quality" kapena "Japan technology", koma kumene chinapangidwa ndi ku China, ndipo za kumiyendo zambiri ndi za matauni omwe aja a Yuhuan ndi Ruian. Toyota ya zaka 15 ya kuno, mukachotsa injini, giyabokosi ndi bodi, zotsalazo zambiri zinasinthidwa kale ndi za ku Zhejiang. Tonse tikuyendera China, kungoti ine baji yanga ikunena chilungamo. Ndipo nkhani yoti za tchaina sizilimba ili ndi mbali yake imene sitikamba. Tauni imodzi yomweyo imapanga magiredi osiyana, ya kufakitale ya magalimoto imene imayesedwa, ya pakati, ndi yotsikitsitsa ya amene wabwera nkunena kuti ndikufuna yotchipa. Wamalonda wathu wavutika kupeza madola, wagula pa mtengo wa pa msewu, akuganiza za dyute ndi thiransipoti yochokera ku Dar kapena ku Beira, akudziwanso kuti kasitomala wake akafika pa kauntala funso loyamba ndi "yotchipa ndi iti", mukuganiza aoda giredi iti? Zimene timazitcha za tchainazo ndi zimene tinaitanitsa tokha.

Vuto la galimoto yanga nde lili apa. Unyolo wonse uja, mafakitale oyandikana aja, amathera pa doko la Ningbo. Ukafika ku Kasungu uli wekha. Toyota ili ndi unyolo wake kuno umene unamangika pazaka zambiri popanda wina kuukonza, magalimoto akale a ku Japan olowera pa Songwe, ophwasula magalimoto a ngozi, mashopu a masipeya mpaka pa Santhe ndi pa Nkhamenya, amakaniko amene anakulira pansi pa Corolla. Geely ilibe zimenezo. Ku South Africa inagulitsidwako zaka zingapo kenako nkusiya kwa nthawi yaitali, yabwereranso mu 2025 koma ndi magalimoto ena atsopano, osati saluni yakale ngati yangayi. Nde unyolo umamanga wekha.

Za sevisi wamba sizivuta, zimapezeka mtauni momwe muno. Amakaniko anga, bambo wachikulire wa galaja ya pansi pa mtengo kuseri kwa msika, tsiku loyamba atatsegula boneti anaima kaye nkuseka, amvekere "bwana, iyi ndi Corolla yovala malaya ena." Amati kamangidwe ka injiniyi kamafanana kwambiri ndi 1ZZ ya mu Corolla ndi Wish za 1.8, ndipo zoona fyuluta ya oyilo ya Corolla inalowa popanda kukakamiza, mapulagi anapezeka, batire ndi wamba, matayala ndi 205/65 R15 amene ali paliponse. Koma mawu akuti "ndi Toyota yomweyo" muwasamale, amapweteketsa. Kufanana si kukhala chimodzi. Madalawa okha amadziwa zimenezo, ndiye chilichonse amayeza kaye. Mapadi a mabuleki akutsogolo atatha anachotsa imodzi, nkuipukuta ndi sanza, tinapita nayo pa shopu, anauza mnyamata wa pa kauntala kuti atsitse makatoni onse a mapadi a saluni, nkuyamba kugundanitsa yakaleyo ndi yatsopano msana ndi msana, kuyang'ana timakutu ta m'mbali, kuyika pa kuwala kuti aone ngati pali mpata, ina anaikana chifukwa cha kakhutu kamodzi kotalika mwina mamilimita awiri, mnyamata uja akuti "tingopala pa giraindala madala", iwo amvekere "mabuleki sapala mwana wanga, ukapale za njinga yako." Inapezeka yolowa ndendende pa katoni ya galimoto ina imene sindinaiganizireko. Katoni imeneyo ndinaijambula pa foni, pano ndimangoonetsa chithunzi.

Za kumiyendo, mabushi, malinki, mashoko, zimafuna ulendo wa ku Lilongwe ndi sampulo m'manja. Osatuma munthu ndi dzina la galimoto lokha, akangomva Geely ena amayankha "tilibe" asanadzuke nkomwe pa mpando, pomwe chinthucho chili pa shelefu kumbuyo kwawo mu katoni ya dzina lina. Mabushi osema ku tayala la thiraki aja anyamata amapanga amagwira ntchito mukapanikizika, ndinayendapo nawo, koma galimoto imauma, bampu iliyonse mumaimva mu msana, ndiye ndi ongodikirira enieni.

Pamene pamalira munthu ndi pa zinthu zoti sizingafanane ndi galimoto ina, magetsi akutsogolo ndi akumbuyo, bampa, galasi la pambali, windisikirini, masensa, maswitchi a mawindo. Ngolo ya ng'ombe inandikhudza kumbuyo pa msika wina, liwiro la ng'ombe lomwelo, nkuswa getsi lakumanzere. Ikanakhala Corolla bwenzi dzuwa lisanalowe nditamanga lina. Ine ndinayenda ndi selotepi yofiira masabata angapo, apolisi a pa rodibuloko mpaka anandizolowera, kudikira dalaivala wa thiraki wina amene anakalipeza kwa ophwasula magalimoto ku Joni nkubwera nalo kudzera pa Mwanza litakulungidwa mu bulangete. Getsilo palokha silinali lodula, chodula chinali kulipeza, kumuthokoza dalaivala, ndi ma rand amene masiku ano kuwapeza ndi ntchito payokha. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, nkugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chilichonse chimene mumaitanitsa kunja ndi dzina lanu chimakumvetsani kugwa kumeneko tsiku lomwelo, pomwe wa shopu amene ali ndi sitoko yakale nthawi zina amachedwako kukweza.

Njira ina ndi kuitanitsa ku China komweko kudzera mwa ma ejenti aja amadzaza makontena. Kumeneko masipeya a EC7 ndi ambiri ndipo mitengo yake mukaiona mumaseka, poti galimotoyi inagulidwa kwambiri kwawoko. Pa sitima mudikira miyezi, pa ndege amatchaja pa kilo ndi madola, nde sensa kapena switchi bola pa ndege, bampa ndi ladiyeta ziyende pa madzi. Koma apa pali msampha umene aliyense wogula galimoto ya ku China ayenera kuudziwa. Ku China amayenda kumanja kwa msewu, chiwongolero chili kumanzere. Unyolo wonse uja unamangidwira galimoto za chiwongolero cha kumanzere, zathu za kumanja zinali zochepa zopangira misika ngati South Africa. Mnzanga wina wa ku Mchinji ali ndi galimoto ngati yangayi, anaitanitsa sitiyaringi raki, anamuuza ejenti momveka kuti ya kumanja, nkutumiza ndi chithunzi chomwe, patapita miyezi katundu wafika, kutsegula katoni raki yatsopano yonyezimira bwino koma yolowera mbali inayo. Ejenti akuti wogulitsa ndi amene analakwitsa, wogulitsa ali kutsidya la nyanja, kubweza ndi ndalama zina zoposa mtengo wa raki. Ili mu sitolo mwake mpaka lero. Ndipo si raki yokha, magetsi akutsogolo a galimoto za chiwongolero cha kumanzere amaponya kuwala mbali yolakwika nkumathobwa anzanu obwera kutsogolo, dashibodi, mawaipa, switchi yaikulu ya mawindo ya pa chitseko cha dalaivala, zonsezi zili ndi mbali. Za injini, mabuleki, mabeyaringi, mashoko, izo zilibe vuto.

Chimene chimapulumutsa ndi nambala ya sipeya. Pafupifupi chitsulo chilichonse cha Geely chili ndi nambala yake yodindidwa kapena pa kastika, manambala khumi. Amakaniko akangomasula chinthu ndimachijambula nambala chisanabwerere, olo chikhale chabwinobwino, pano mu foni muli chimbale chonse cha manambala. Mukailemba nambalayo pa Google zimene zimatuluka zambiri ndi za chi Russia, musadabwe. EC7 inkamangidwanso kunja kwa China, ku Cherkessk ku Russia, ku Belarus ndi kampani ya BelGee, ku Egypt ndi GB Auto, zipangizo zimachoka ku China m'makatoni iwo nkumangira kwawo. Nde anthu a kumeneko anaiphwasula galimotoyi mpaka bawuti yomaliza ndipo analemba kuti sipeya yakuti imalowana ndi ya galimoto yakuti. Kumasulira ndi foni kumatheka, ndimo mmene ndinadziwira zolowana zambiri zimene ndimakagula ku Biwi. Ingokumbukirani kuti nawonso ndi a chiwongolero cha kumanzere.

Za otomatiki ndinenepo pang'ono poti ambiri amafuna yosapondaponda kilachi. Ya EC7 ndi CVT, mtundu wa giyabokosi yoyendera lamba m'malo mwa magiya wamba, yopangidwa ndi kampani ya ku Belgium yotchedwa Punch, imene ili ndi fakitale ku Nanjing. CVT iliyonse imafuna oyilo wakewake ndi munthu woidziwa, ndipo kuno chizolowezi chathu ndi chothira ATF, oyilo wofiira wa otomatiki wamba, yemweyo mu giyabokosi iliyonse. Mukakhala ku Kasungu tengani manyuwo, kilachi amakaniko aliyense amaidziwa.

Pogulitsa ndiye konzekani mtima. Munthu amabwera, kuizungulira, kukhala mkati, kuyamikira buti, kuiyendetsa mpaka pa Nguluyanawambe nkubwerera akumwetulira, kenako akaona baji amatchula mtengo woti ungamutukwane. Sakuopa galimoto, akuopa getsi lakumbuyo lija, ndipo sindingamunene. Ndiye ngati mumagula galimoto kuti chaka chamawa mugulitse muwonjezere pogula ina, iyi si yanu. Ngati ndi ya taxi yoti ikagona masiku atatu kudikira sipeya ana agona ndi njala, si yanunso, gulani Sienta ngati anzanu. Koma ngati ndinu mphunzitsi, wa ku ofesi, mlimi wa fodya wofuna galimoto ya banja yopitira ku tchalitchi, ku Lilongwe ndi kumudzi, muli ndi foni ya intaneti, muli ndi m'bale kapena mnzanu woyenda Joni, ndipo mumatha kuitanitsa chinthu chisanafe, mupeza galimoto yayikulu yomasuka pa ndalama imene kwina mukanagulira kagalimoto kakang'ono kotopa.

Ena afunsa za Emgrand zatsopano zimene akuziona pa Facebook. Zimenezo ndi galimoto zina, ya m'badwo wachinayi imapangidwa ku Changxing, Zhejiang yomweyo koma kumpoto, masipeya ake osawasokoneza ndi a EC7. Ku Malaysia anaitenga nkuipatsa dzina la Proton S70 mu 2023, amaimanga ku Tanjung Malim, ndipo poti a Malaysia amayenda kumanzere ngati ife imeneyo ndi ya chiwongolero cha kumanja chibadwire. Tsiku lina zikadzayamba kufika kuno zakale, nkhani ya raki yolowera mbali ina idzachepa.

Mukakaiona yogulitsa, musanakambe za mtengo yang'anani zinthu zovuta kupeza zija osati zosavuta. Matayala akutha si nkhani, magetsi onse anayi akhale athunthu osamatidwa ndi guluu, windisikirini yopanda mng'alu, mawindo onse akwere ndi kutsika pa switchi ya dalaivala, getsi la check engine liyake mukatembenuza kiyi ndipo lizime injini ikalira, chifukwa ena amangochotsa babu. Tengani wa kompyuta akaiyike pa makina, soketi yake ndi ya OBD wamba ili pansi pa chiwongolero. Pindani chiwongolero mbali zonse galimoto itaima mumvere ngati raki ikugogoda. Mukagula, oda yoyamba ikhale sensa ya kirankishafti, koyilo imodzi ndi pampu ya petulo, ndi tinthu topepuka tokwera ndege mosadula, muziyenda nato mu buti pamodzi ndi jeke.